Momwe mungachepetsere zinyalala podula mabolodi mufakitale

Mufakitale yopanga makabati, mashelefu ndi matebulo, ndalama zambiri zimathera m'dilamu la zidutswa lomwe limakhala kuseri kwa macheka. Bolodi munaligula lathunthu, koma kasitomala amalipira gawo lokhalo lomwe lalowa m'katundu wake. Anzanu akamatsitsa mitengo, phindu lanu mulifunefune m'dilamu limeneli.

Yambani ndi kuyeza zomwe mukutaya. Kwa masabata awiri, chidutswa chilichonse chidutse pasikelo chisanatayidwe. Ikani madilamu atatu: la zotsala podula, la zodulidwa molakwika, ndi la zomwe zinabwera zowonongeka kale. Kulemera kwa dilamu lililonse mukugawe ndi kulemera kwa mabolodi onse omwe agwiritsidwa ntchito. Mukasakaniza zonse pamodzi, simudzadziwa ngati vuto lili kwa wodula, pa pulani, kapena kwa wogulitsa. Taiichi Ohno wa kampani ya Toyota anagawa kuwononga m'magulu 7, ndipo ankaona kuti koipitsitsa ndi kupanga zochuluka kuposa zomwe zaodedwa. Choncho zitseko zomwe zinadulidwiratu n'kuunjikidwa pakona, zikutuwa fumbi, nazonso muziwerenge.

Kenako yang'anani katundu pofika, galimoto isanachoke. Tengani mabolodi angapo apakati pa mulu, chifukwa apamwamba amakhala osankhidwa, muyeze kukhuthala kwake pakona ndi pakati ndi kachipangizo koyezera kukhuthala kotchedwa vernier caliper. Alipo ogulitsa omwe amalemba mamilimita 18 pomwe bolodi silikukwana ngakhale 17. Mtengo wake umakopa, koma mipata yomwe munasema yolowetsamo mashelefu imakhala yolobodoka, guluu sagwira bwino, ndipo kabati imabwezedwa. Bolodi lopindika kapena lotupa m'mphepete chifukwa cha chinyezi libwerere pompo.

Tsopano pulani yodulira, pomwe ambiri amagwa. Bolodi wamba limakhala la mamilimita 2440 m'litali ndi 1220 m'lifupi. Wojambula amawerenga kuti 610 kuchulukitsa kanayi ndi 2440, n'kulemba kuti bolodi limodzi litulutsa mashelefu anayi m'litali mwake. Papepala zikuoneka zoona. Koma mpeni wa macheka umadya pafupifupi mamilimita 3 paliponse pomwe wadutsa, n'kuwasandutsa utuchi. Kudula katatu kwadya mamilimita 9, ndipo shelefu yachinayi ikutuluka ya 601. Siyilowa pamalo pake, wodula atsegula bolodi lina chifukwa cha chidutswa chimodzi, ndipo cholakwikacho chibwerezabwereza pa bolodi lililonse la oda yonse. Onjezaninso apa m'mphepete mwa bolodi, momwe kawirikawiri mumabwera mogumuka ndipo mumafunika kusadzulidwa mamilimita 5 mpaka 10 kuti muwongoke.

Mankhwala ake ali pa desiki ya wojambula. Shelefu ikakhala ya mamilimita 600, zinayi pamodzi ndi zomwe mpeni wadya zikwana 2409, ndipo 31 otsalawo akukwanira kusadzula mbali zonse ziwiri. Musamangokhulupirira zolembedwa pa mpeni: dulani kachidutswa, muyeze mpata womwe watsala, nambala imeneyo ndiyo ilowe m'pulani kapena m'pulogalamu ya pakompyuta yosanjira zidutswa. Mukasintha mpeni, yezaninso. Posanja, yambani ndi zidutswa zikuluzikulu, zing'onozing'ono zidzaze m'mipata. Samalaninso ndi mabolodi okhala ndi mizere ya mtengo: chidutswa chake simungachitembenuze kuti chikwane, chifukwa chitseko chingaoneke chosiyana ndi chinzake. Ngati maoda awiri ndi a mtundu umodzi wa bolodi, asanjeni pa pulani imodzi.

Mukatchera makina, dulani chidutswa chimodzi chokha, muchiyeze m'litali, m'lifupi ndi kuchokera pakona kupita pakona ina, kenako wina asainire. Ena amadumpha zimenezi pothamangira nthawi, n'kudzazindikira zidutswa 40 zitadulidwa kale.

Zotsala zonse zoti zingapange kanthu zilembedwe muyezo wake ndi choko, ziimikidwe pashelefu motengera mtundu, ndipo wodula aziyamba wayang'ana pamenepo asanatsegule bolodi latsopano. Mpeni ukayamba kugumula m'mphepete kapena kusiya zipsera zakuda, unoledwe; mipeni yotchipa yosadziwika komwe inapangidwa imabuntha msanga. Mabolodi agonekedwe pamalo ouma, osakhudza simenti, ndipo oyamba kufika aziyamba kugwiritsidwa ntchito. Pakatha mwezi, bwezerani madilamu atatu aja pasikelo.