Mwapatsidwa sipichi yoti mukayankhule pa asembule? Konzekani chonchi

Aphunzitsi akati mukayankhule zodziwitsa anzanu sakutanthauza kuti mukawalalikire ayi. Sipichi yodziwitsa cholinga chake ndi chimodzi basi, amene wakumverani achoke akudziwa kanthu komwe samakadziwa, mpaka athe kukafotokozera agogo ake madzulo kunyumba. Koma zomwe timamva pa asembule nthawi zambiri ndi "tiyeni tipewe izi, tiyeni tisiye izo", maminitsi asanu onse, munthu kukhala pansi anzake osatolapo chilichonse chatsopano, ndipo zimandimvetsa chisoni chifukwa ana athu kuno ku Mangochi ali ndi nkhani zambiri zoti anganene.

Yambani ndi mutu, ndipo musathamangire zakutali. Mutu ngati "kusintha kwa nyengo padziko lonse" ndi waukulu kwambiri, mungokopera za pa intaneti zomwe inunso simukuzimva. Sankhani chomwe mutha kupita kukachiona kapena kukafunsa munthu. Pa boma pomwepa pali nsanja ya wotchi pafupi ndi mlatho wa Shire, pali chikumbutso cha sitima ya Vipya yomwe inamira mu 1946, pali myuziyamu, ndipo tawuniyi kale inkatchedwa Fort Johnston, koma funsani anzanu a Fomu 3 angati akudziwa. Amene muli cha ku Monkey Bay muli ndi Cape Maclear komwe amishoni a Livingstonia anayamba kukhazikika mu 1875 asanasamukire ku Bandawe, komanso Lake Malawi National Park yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 kenako bungwe la UNESCO, nthambi ya United Nations, n'kuiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Chilichonse mwa izi ndi sipichi yokwana payokha, musaziphatikize zonse.

Tiyeni titenge chitsanzo chimodzi tichione bwinobwino, likodzo. Wina angoima n'kunena kuti likodzo ndi loipa tisamasambe kunyanja, ndiye anzake angoseka chifukwa mawa lomwe akachapa komweko. Wodziwitsa amafotokoza mmene zimayendera. Munthu wodwala akakodza m'madzi amasiyamo mazira, mazirawo amaswa tizilombo tomwe timakalowa mu nkhono zija zimakonda madzi osaya odekha pamene pali bango ndi udzu, timachulukana mmenemo kwa masabata angapo, kenako timatuluka n'kumasambira, ndipo timalowa kudzera pakhungu, sikuti mpaka munthu amwe madziwo. Chizindikiro chomwe ambiri amachidziwa ndi magazi mumkodzo. Mankhwala ake ndi praziquantel, mapilitsi aja a zaumoyo amabwera nawo kusukulu n'kumakuimikani pa ndodo yoyezera msinkhu kuti adziwe akupatsani angati, amatinso muyambe mwadya kaye. Mukafotokoza choncho aliyense wamvetsa chifukwa chake kukodzera m'madzi kuli vuto, inu osalangiza munthu olo pang'ono.

Ndiye mfundo ngati izi mumazipeza kuti? Buku la Biology lilipo, koma pitaninso kwa a HSA, alangizi a zaumoyo a m'dera lanu, mukawafunse mwaulemu, nenani kuti "bambo, ndapatsidwa ntchito kusukulu, ndimati mundithandizeko", ambiri amasangalala. Ngati mutu ndi wa chambo ndi nthawi yotseka nyanja kuti nsomba ziswane, pitani kudoko mukacheze ndi asodzi akamasoka makoka, funsaninso a komiti ya pagombe kapena a Fisheries. Za pa WhatsApp musazitenge musanatsimikize kwina, makamaka manambala. Nambala imodzi yolakwika aphunzitsi akaigwira, zonse zomwe mwanena anthu amayamba kuzikayikira.

Polemba gwirani mfundo zitatu zokha, makutu sasunga zambiri ngati pepala. Malonje akhale aafupi, a hedi, aphunzitsi athu ndi ophunzira anzanga, basi, osati kutchula aliyense mpaka mlonda nthawi n'kutha. Kenako funso kapena mfundo yodzidzimutsa, monga "ndani pano akudziwa kuti nkhono ndi imene imalera likodzo?", n'kuwauza kuti mukamba zinthu zitatu ziti. Mukamachoka pa mfundo ina kupita pa ina nenani momveka kuti taona chomwe chimayambitsa, tsopano tione zizindikiro. Maminitsi asanu ndi mawu pafupifupi 600, mukapitirira apo muyamba kuthamanga.

Pa nkhani ya chiyankhulo, ngati ili ya English yankhulani Chingerezi chomwe inu mukuchimva, mawu aatali a m'dikishonale amangokupunthwitsani lilime ndipo anzanu samva. Ngati mwaloledwa Chichewa, kumbukirani kuti ambiri m'kalasimo kwawo amayankhula Chiyao, ndiye liwu lovuta lifotokozeni kawiri mwanjira zosiyana, palibe cholakwika.

Kuloweza liwu ndi liwu ndiye ayi ndithu. Woloweza akaiwala liwu limodzi zonse zimabalalika ngati mkanda woduka ulusi, amangoima maso kudenga. Lembani mitu ya mfundo zanu pa kapepala kokwana m'dzanja, madeti ndi manambala mulembe bwino, zinazo muzinena m'mawu anuanu. Yesererani mokweza mutaimirira, osati mumtima mutagona pamphasa, foni ikuwerengerani nthawi, ndipo ngati ili yojambula dzijambuleni mudzimvere nokha, mudabwa kuti "ndiye kuti, ndiye kuti" mumamunena kangati. Itanani mng'ono wanu wa Sitandade 6 akhale pakhonde akumvereni, mukamaliza mumufunse kuti wamvapo chiyani. Chomwe walephera kubwereza ndi chimene simunafotokoze bwino, kakonzeni pamenepo.

Tsiku lenilenilo mantha abwera, mawondo anjenjemera, pakamwa pauma makamaka ndi kutentha kwa kuno mu Okutobala, choncho imwani madzi musanaitanidwe. Mukafika kutsogolo musayambe pompo, pondani bwino miyendo yonse, pumani kawiri, yang'anani anthu. Ndikudziwa tinaleredwa kuti mwana sayang'ana akulu m'maso, koma apa mukazolika mawu amapita pansi, ndiye sankhani nkhope zitatu, kumanzere, pakati ndi kumanja, muziyankhula kwa iwowo. Asembule ya pansi pa mtengo mphepo imatenga mawu, yankhulirani wa mzere wakumbuyo. Ngati muli ndi chooneka bwerani nacho, chigoba cha nkhono m'kabotolo kapena chojambula pa tchati chachikulu choti aonenso akumbuyo, chikwezeni m'mwamba mukafika pa mfundo yake kenako muchitsitse kuti maso abwerere kwa inu.

Pomaliza bwerezani mfundo zitatu zija m'chiganizo chimodzi, thokozani, imani kaye osathamangira kukakhala pansi chifukwa pena amafunsa mafunso. Funso likabwera libwerezeni mokweza kuti onse alimve, mumapezanso mpata woganiza. Ngati yankho mulibe musapeke, nenani kuti zimenezo sindinafufuze koma ndikafunsa kwa a zaumoyo ndidzakuuzani Lolemba, ndipo mukafunsedi.