Khola la matabwa kapena la pulasitiki? Yambani mwafunsa utitiri

Nditapeza nyumba yokhala ndi kabwalo kuseri kuno ku Leicester, ku England, sindinaganize za maluwa. Ndinaganiza nkhuku. Mwana wokulira ku Ntcheu, mazira a m'sitolo amandidyetsa mwamanyazi. Tambala ndinamuleka, poti aneba akuno sachedwa kuthamangira ku khonsolo, koma ndinatenga mathadzi anayi ku British Hen Welfare Trust, bungwe lopezera malo nkhuku zimene zapuma ntchito yoikira m'mafamu. Zinabwera zothothoka makosi, zosadziwa n'kupalasa komwe.

Khola loyamba ndinagula la matabwa pa intaneti, lotchipa, lokongola ngati kanyumba ka zidole. Miyezi yozizira linandisunga bwino. Pofika July nkhuku zinayamba kukana kulowa madzulo, kumangoima pakhomo n'kumayang'anana. Mazira anachepa, nkhope zinatuwa. Tsiku lina nditachotsa manyi ndinamva tinthu tikuyenda m'mikono, ndipo thupi linakumbuka msanga kuposa mutu: utitiri! Womwe uja unkatiyabwa tikapita kukatola mazira kukhola kwa agogo. Kuno amati red mite.

Musanatulutse ndalama, mvetsani khalidwe la kachilomboka, chifukwa nkhani yonse ya matabwa ndi pulasitiki yagona pamenepa. Utitiri umenewu sukhala pathupi pa nkhuku. Masana umabisala m'ming'alu, usiku n'kutuluka kukayamwa magazi, kukacha wabwerera. Kukafunda, kuchokera padzira mpaka kuyamba kuikira nawo zimangotenga sabata imodzi, ndipo m'khola lopanda nkhuku umatha miyezi ndithu uli moyo osadya. Mukafuna kudziwa ngati muli nawo, pitani usiku ndi tochi, mupukute kunsi kwa mtengo wogonapo nkhuku ndi tishu yoyera. Mukaona timizere tofiira, alendo afika.

Tsono khola la matabwa ndi ming'alu yokhayokha. Polumikizira thabwa ndi linzake, pamsomali, kumapeto kwa mtengo wogonapo. Choipitsitsa ndi denga la felt, chinsalu chakuda chaphula chija amakhomera pamwamba. Langa nditaling'amba, kunsi kwake kunali mbuu ngati wina wathirako phulusa, phulusa loyenda. Ndinapopera mankhwala masabata atatu, ndikaweruka shifiti ya usiku, maso ali gwaa. Mapeto ake kholalo ndinaliphwasula. Agogo akanangoliyatsa moto n'kumanga lina ndi nsungwi tsiku lomwelo, koma kuno nsungwi ukazidula kuti?

Lachiwiri ndinagula la pulasitiki, logwiritsidwapo kale. Makola amtunduwu anatchuka kampani ya Omlet itatulutsa Eglu mu 2004, ndipo lero alipo amakampani angapo. Musanamizidwe kuti utitiri sulowamo. Umalowa. Kusiyana kwake n'kwakuti zidutswa zake zimazuka, mumazitsuka ndi paipi ya madzi, n'kuuma msanga, nkhuku n'kugonamo tsiku lomwelo. Thabwa lonyowa mu November, dikirani mpaka mutope. Kwa ine wogwira mashifiti a maola 12, zimenezi zinandigula mtima.

Pulasitiki ali ndi zakezake. Mtengo wake ndi mapaundi mazanamazana, ngakhale kuti pogulitsanso sagwa kwambiri. Makola ambiri ndi aang'ono, ndipo ena ndi afupi moti potsuka umachita kugwada m'matope. Ngati msana umakuvutani, funani lokhala ndi miyendo. Chikasweka chidutswa simungakhome msomali, muyitanitsa china. Komanso lopangidwa mwachinyengo, lakhoma limodzi lopyapyala, limachita thukuta mkati m'nyengo yozizira. Nkhuku zimapirira kuzizira kuposa chinyezi, choncho yang'anani kuti mabowo a mpweya ali m'mwamba, pamwamba pa mitu yawo zikagona, ndipo musawatseke ngakhale kugwe chipale.

Ndiye ndimalangiza chonchi. Ngati nkhuku zanu ndi zitatu kapena zinayi ndipo nthawi ndi yokuvutani, pulasitiki. Ngati mukufuna zisanu ndi zitatu kapena khumi, kapena muli ndi dzanja la ukalipentala, matabwa, koma osati timakola totchipa tija. Bambo wina wakutchalitchi kwathu anagula kashedi kosungira zipangizo za m'munda n'kukasandutsa khola: amalowamo choimirira, denga anaika lamalata, mitengo yogonapo ndi yochotseka, mkati anapaka penti yoyera kuti utitiri uzioneka. Limenelo ndimalisirira. Paini wopyapyala wa m'makola otchipa sachedwa kufufuma ndi mvula yakuno, chitseko n'kumakana kutseka. Ndipo iwalani zopaka oyilo wakuda wa galimoto monga timachitira kumudzi pothana ndi chiswe. Chiswe kuno si vuto, mdani wa thabwa ndi chinyezi. Ngakhale creosote, mankhwala opaka matabwa amene alimi akale akuno ankadalira, analetsedwa kwa anthu wamba kuyambira 2003.

Chiwerengero cholembedwa pakatoni musachikhulupirire. Akati nkhuku sikisi, werengani zinayi. Yezani nokha: nkhuku iliyonse ipeze masentimita 25 pamtengo wogonapo, ndipo chisa chimodzi chikwanire mathadzi atatu kapena anayi.

Kaya mwasankha liti, nkhandwe zam'tauni sizisankha. Zimakumba, zimakwera mpanda, zimayendera ngakhale masana dzuwa likuswa mtengo. Waya wofewa uja timati wa nkhuku zimaung'amba. Gulani wolimba wowotcherera, muuyalenso pansi mozungulira mpanda kuti zikafuna kukumba zizikumana nawo. Kachitseko kotseka ndi kamtengo kozungulira sikokwanira, ikani loko weniweni.

Ganiziraninso za bwalo lawo musanagule khola. Chimfine cha mbalame chikavuta, boma limalamula kuti nkhuku zonse zitsekeredwe, monga zinachitikira ku England konse kuyambira pa 7 November 2022. Miyezi imeneyo nkhuku zimakhala m'kabwalo kofolera, ndiye kakakhala kakang'ono zimayamba kujomphana nthenga. Ndipo kuyambira pa 1 October 2024, ku England ndi ku Wales ngakhale muli ndi nkhuku imodzi yokha muyenera kuilembetsa ku APHA, nthambi ya boma yoona za umoyo wa ziweto ndi zomera. N'zaulere, pa intaneti. Amayi nditawauza pafoni kuti nkhuku zanga zili m'kaundula wa boma anaseka mpaka kutsokomola.

Chimodzi chokha cha kwa agogo sindinachisinthe. Pakona pa bwalo ndinaika tayala lakale, ndimathiramo mchenga wouma ndi phulusa la nkhuni, osati la malasha amiyala. Masana mathadzi anga amakanganirana kusambamo, fumbi kobo, ndipo Loweruka lililonse usiku ndimatulukabe ndi tochi ndi tishu.