Kagwiritsidwe ntchito ka mawu akuti "chiyembekezo" ndi "kuyembekezera"

Tsinde la mawu awiriwa ndi -yembekeza, kutanthauza kudikira. Mukawonjezera -era, tanthauzo limakula: "kuyembekezera" ndi kudikira chinthu chimene mtima wanu waika kale kuti chibwera. Pokwerera minibasi pa Kasungu boma mumangodikira. Koma mlimi amene watumiza mabelo ake ku msika wa fodya wa Chinkhoma akuyembekezera mtengo wabwino, chifukwa m'mutu mwake wawerengera kale malata ndi fizi ya ana.

Dzina lochokera ku mneniyu ndi "chiyembekezo", ndipo mawu otsatira amatenga cha- kapena chi-: chiyembekezo changa, chiyembekezo chilipo, chiyembekezo chatha. Mukafuna kunena kuti munthu akuyembekezera zapamwamba, nenani "chiyembekezo chachikulu". Musanene "chachitali", sichimveka.

Samalani kwambiri ndi mawu akuti "woyembekezera". Akaima paokha amatanthauza mayi amene ali ndi pakati. Mtsikana amene walemba mayeso a MSCE akauza azakhali ake kuti "ndine woyembekezera", pakhomo pagwa chipwirikiti. Choncho tchulani nthawi zonse chimene mukudikiracho: "Azakhali, ndikuyembekezera zotsatira za mayeso." Mneni akhale ndi -ku- pakati, chinthucho chitsatire pomwepo.

Palinso kusiyana pakati pa kuyembekezera ndi kudalira, ndipo makolo ambiri amasakaniza. "Tikuyembekezera kuti ukhoza bwino" ndi mawu olimbikitsa. "Tikudalira iwe" ndi katundu, chifukwa mwana amamva kuti akalephera banja lonse lagwa. Kwa mwana wa Fomu 4 sankhani oyambawo. Kwa akuluakulu, monga a mfumu kapena a komiti ya kalabu ya alimi, onjezani ulemu: "Tili ndi chiyembekezo mwa inu, bambo."

Chiyembekezo chikapyola muyeso, anthu sachitchanso dzina limeneli. Wina akatenga ngongole mu Januwale poganiza kuti soya wake adzagulidwa mtengo wa chaka chatha, pomwe mbewu sinayambe n'maluwa omwe, amati akuwerengera madzi a mphutsi. Mawuwa ndi odzudzula, choncho musawanene kwa apongozi kapena kwa wamkulu pagulu.

Polemba kalata kapena lipoti, "zikuyembekezeka kuti" amathandiza mukafuna kubisa amene akuyembekezera chinthucho: "Zikuyembekezeka kuti msika utsegulidwa mu Epulo." Chinthu chikachitika modzidzimutsa, lembani "mosayembekezereka".