Kuchotsa mwaye mu injini pakhomo

Achimwene, mwafunsa za galimoto yomwe ikumanjenjemera ikaima, makamaka m'mawa kukazizira kuno ku Dedza. Nthawi zambiri ndi mwaye wadzadza pa throttle body, pomwe pamadutsa mpweya wolowa mu injini.

Injini izizire kaye, ndiye muchotse waya wa negative pa batire. Masulani paipi yochokera ku air filter. Poperani mankhwala otsukira a carb cleaner pa kansanza, osati pa sensa ya MAF yoyeza mpweya wolowa, imeneyo sichedwa kufa. Pukutani mozungulira kachitseko ka mkati mwa throttle body mpaka chitsulo chiwale, m'makona mulowetse mswachi wakale. Kansanzako katuluka bii ngati mwapukutira mphika wa pamoto.

Bwezerani zonse, muonenso mapulagi. Kenako ikwezeni pa M1 mpaka ku Lizulu kuti itenthe bwinobwino. Zothira madzi mu injini kuti mwaye uchoke zija, ine ayi.