Mmene mungamangire gulupu ya sukulu yanu ndi anzanu aku Scotland kuti isafe

Masukulu ndi mipingo yambiri kuno ku Malawi ili pa ubale ndi anzawo aku Scotland, makamaka chisainireni mgwirizano wa maboma awiriwa mu 2005, koma kawirikawiri zimathera pa gulupu ya WhatsApp yomwe sabata yoyamba imachita kuwira kenako zii, otsala ndi oponya mavesi mmawa basi. Ngati akupatsani ntchito yokonza poti aphunzitsi a mbali ziwirizi azikumanirapo pa intaneti, musayambe ndi kusankha app. Yambani mwafunsa kuti pagulupo amene ali ndi kafoni kofooka kwambiri ndani, amene netiweki amakaipeza pachulu kuseri kwa sukulu, ndiye zonse muzikonza poganizira ameneyo.

Zikatero WhatsApp ndiye ikhale pakhomo, Zoom muziyenderako mwa apo ndi apo. Anzathuwo amakonda vidiyo poti kwawo intaneti ndi ya mnyumba yolipira pamwezi, ife bandulo imatha tikuyang'ana, ndiye gwirizanani kuti makamera aziyatsidwa popatsana moni pokha kenako aliyense azimitse. Zoom yaulere imaduka pakatha mphindi 40, zofunika zikambidwe koyambirira. Ndipo pakhale munthu mmodzi woti akatha msonkhano aponye voice note ya mphindi ziwiri kufotokoza zomwe mwagwirizana, kuchitira amene magetsi anawazimira.

Za nthawi samalani, zimasokoneza anthu chaka ndi chaka. Kuyambira kumapeto kwa October mpaka kumapeto kwa March iwowo amakhala kumbuyo kwathu ndi maola 2, miyezi yotsalayo ndi ola limodzi, chifukwa amasintha mawotchi pomwe ife sitisintha. Polemba nthawi lembani zonse ziwiri.

Koma pomwe pamagona nkhani ndi pa kayankhulidwe. Mzungu afika nkuyamba agenda pompo, nkumawatchula ahedi dzina loyamba ngati mnzake wosewera naye, apa aphunzitsi athu achinyamata angoti chete poti bwana alipo, iye nkuona ngati onse avomera. Sanavomere ayi. Kwathu "chabwino tiona" nthawi zambiri ndi kukana mwaulemu, auzeni anzanuwo zimenezi poyera tsiku loyamba lomwe, nanunso dziwani kuti iwo akafunsa funso lobaya si mwano, ndi mmene amagwirira ntchito. Siyani mphindi zisanu za moni ndi kufunsana za mvula ndi kunyumba, sikutaya nthawi kumeneko. Nkhani yofuna maganizo a aliyense ikani poll (kafunso kovotera pa WhatsApp), kapena tsegulani timagulupu tating'ono pansi pa Community imodzi (njira ya pa WhatsApp yoika magulupu angapo pamodzi), ka aphunzitsi a sayansi pawokha, ka ahedi pawokha, muona anthu akumasuka.

Ma adimini akhale awiri, wina kuno wina uko, ndipo Chichewa chiloledwe, wina azimasulira mwachidule pansi pake. Google Translate Chichewa ili nacho koma miyambi imaipotoza zomvetsa chisoni.

Chinanso, isakhale gulupu yoti iwo aziphunzitsa ife tizingothokoza. Mwezi uno iwo aonetse mmene amaphunzitsira kuwerenga, mwezi wamawa mphunzitsi wathu aonetse mmene amagwirira kalasi ya ana odzadza mpaka pakhomo ndi choko chokha. Zolemba zonse muzisunga pa Google Drive (malo osungirako zinthu pa intaneti), imapereka 15GB yaulere, chifukwa za pa WhatsApp foni ikabedwa zapita. Zithunzi za ana musaponye makolo asanalole.