Momwe mungasonkhanitsire mabokosi akale a zipolopolo kuno ku Mzuzu

Mukamadutsa pamagalaja a ku Luwinga kapena kwa anyamata owotcherera zitsulo ku Chibavi, ponyani maso pansi pomwe amaika masipanala. Nthawi zina mupeza kabokosi kachitsulo kobiriwira, kolemera, kachogwirira chopindika pamwamba, kamene chotsekera chake chimalira kuti khwa! mukachikanikiza. Mwiniwake angokuuzani kuti ndi bokosi la zida. Komatu lisanayambe kusunga masipanala linkasunga zipolopolo, ndipo m'mbali mwake, kunsi kwa girisi ndi fumbi, muli zilembo zonena amene anazipanga, chaka chake, ndi mfuti yomwe zinkalowamo.

Ine ndinayamba ndi bokosi la agogo anga aamuna, omwe anali msilikali wa King's African Rifles, gulu la asilikali achiafrika la boma la atsamunda la Britain. Ankasungamo makalata, malisiti a msonkho ndi lumo lometera. Atatisiya ndinaona kuti lachita dzimbiri, ndiye ndinalipala ndi sandipepa n'kulipaka penti ya buluu kuti lioneke bwino pabalaza. Zilembo zonse zinatha tsiku lomwelo. Zimandipwetekabe mpaka lero, chifukwa ndi zilembo zimenezo ndikanadziwa nkhondo yomwe bokosilo linaona. Mtengo wa bokosi lotere uli pa zolembedwapo. Zikafufutika mwatsala ndi chitsulo cha pasikelo.

Choyamba: lizikhala lopanda kanthu

Apa palibe kunyengererana. Lamulo la mfuti la dziko lino, Firearms Act, sililola munthu kusunga zipolopolo popanda chiphaso cha apolisi, ndipo sililabadira kuti chipolopolocho ndi cha 1943. Kumaiko ena osonkhanitsa amalimbirana makatoni odzadza osatsegula. Ife kuno timenezo tizisiye. Musanapereke ndalama, mwini bokosi alitsegule yekha inu mukuona, ndipo muyang'ane m'makona monse.

Mukapezamo zipolopolo, ngakhale zitachita dzimbiri chotani, musazigogode, musayese kuchotsamo wonga, musaziponye pamoto kapena m'chimbudzi. Musazinyamulenso pakabaza kuti mukazipereke nokha. Zisiyeni pomwepo, chotsani ana, dziwitsani apolisi. N'chimodzimodzi chitini chomata chomwe sichinatsegulidwepo, kapena chinthu chilichonse chooneka ngati bomba. Ine ngakhale makhoko a zipolopolo zophulika kale sindisunga, chifukwa kufotokoza pa rodibuloko kuti ndi zokongoletsera m'nyumba ndi ntchito yaikulu. Bokosi ndikamayenda nalo limakhala lotsegula, poonekera.

Chinanso, bokosi looneka latsopano, lazilembo za zaka zaposachedwa, likhoza kukhala katundu wa boma. Wina akakuuzani kuti ali ndi njira yopezera mabokosi ku Moyale Barracks, muyamikeni n'kumapita.

Chachiwiri: sankhani mtundu womwe muzitsata

Mukati muzitola chilichonse, nyumba idzadza musanadziwe chomwe muli nacho. Mabokosi omwe amapezeka kuno ndi a magulu atatu. Alipo a asilikali a Britain, amatabwa ndi achitsulo, a zipolopolo za .303 (nambalayi imanena kukula kwa chipolopolo) zomwe zinkalowa mu mfuti ya Lee-Enfield. Amenewa ndi a nthawi ya King's African Rifles, gulu lomwe linakhazikitsidwa mu 1902, limene asilikali ake a ku Nyasaland anamenyana ndi Ajeremani ku Karonga pa 9 September 1914, ndipo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anakafika mpaka ku Burma. Alipo achitsulo a pambuyo pake, a zipolopolo za 7.62, ena a mbali ya NATO (mgwirizano wa asilikali wa America, Britain ndi anzawo), ena a mfuti ya AK-47 olembedwa m'zilembo za Chirasha kapena Chitchaina. Ena mwa mabokosi achitsulowa mbiri yawo imaloza ku nkhondo ya ku Mozambique yomwe inatha mu 1992. Kenako pali timakatoni ta alenje, tamitundu yowala, tojambulidwa mbalame ndi nyama: ta zipolopolo 25 za mfuti ya mbalame, kapena 50 za .22.

Timakatoniti ndiye tosowa kwambiri, chifukwa pepala silipirira nyengo yathu. Mukakapeza kamodzi kabwinobwino, mwapeza chinthu.

Chachitatu: kofunafuna

Yambirani kwanu. Funsani amalume, funsani agogo kumudzi. Ku Nkhata Bay, komwe gule wa malipenga amatsanzirabe perete wa asilikali, mabanja ambiri anali ndi munthu kunkhondo. Ku Karonga, ku Rumphi, ku Ekwendeni n'chimodzimodzi. Timakatoni ta alenje timabisala m'madirowa a nyumba zakale za m'maesiteti ndi za ogwira ntchito zankhalango cha ku Chikangawa. M'tauni muno yendani kwa ogula zitsulo zakutha, kwa amakanika, ndi kwa ogulitsa maloko ndi mahinjesi akale mumsika waukulu kapena ku Zigwagwa. Asiyireni nambala, auzeni kuti akapeza bokosi lazilembo asalipake penti.

Musasokoneze ndi masutikesi achitsulo omwe anthu ankabwera nawo kuchokera kumigodi ya ku Joni. Amenewo ndi aakulu, chitsulo chake n'chopyapyala, ndipo dzina lolembedwapo ndi la mwini wake.

Pakhomo pa munthu wachikulire musafikire pa mtengo. Khalani pansi, mulonjerane, kenako mufunse: "Amama, bokosi ili adada analitenga kuti? Anabwera nalo liti?" Yankho lake ndi theka la chomwe mwabwerera. Ngati akusungamo mapepala a munda kapena makadi a kuchipatala, abweretsereni lina lokhala ndi loko. Ndipo akanena kuti ndi chikumbutso cha malemu, musawakakamize. Pemphani kulijambula, lembani zomwe akuuzani, lisiyeni pamalo pake.

Chachinayi: phunzirani kuwerenga zilembo

Pano ndiye pokoma. Tengani bokosi panja m'mawa, kapena usiku muliwalitse ndi tochi ya foni kuchokera m'mbali, kuwala kuzikwawa pachitsulo. Zilembo zomwe simumaziona zimadzuka zokha.

Yambani ndi kachizindikiro ka mizere itatu yokumana pamwamba, konga phazi la nkhuku. Ndi muvi womwe boma la Britain linkadinda pa katundu wake, nthawi zina pamodzi ndi zilembo WD, kutanthauza War Department. Kenako funani zilembo za fakitale. K ndi Kynoch ya ku Birmingham, RL ndi Royal Laboratory ya ku Woolwich, RG ndi Radway Green, KF ndi Kirkee ya ku India. PMP ndi Pretoria Metal Pressings ya ku South Africa, pomwe FNM ndi fakitale ya boma la Portugal, yomwe katundu wake ankapita kwa asilikali awo ku Mozambique. Pafupi ndi zilembozi pamakhala manambala atatu, tsiku, mwezi ndi chaka, monga 12.3.43.

Deti likafufutika pali njira zina. Chipolopolo cha .303 chotchedwa Mk VII (Mark 7, kutanthauza mtundu wachisanu ndi chiwiri) chinayamba mu 1910, ndipo mpaka 1944 nambala yake inkalembedwa m'Chiroma. Kuyambira 1945 anayamba kulemba Mk 7. Kasiyanidwe kakang'ono kameneka kakuuzani ngati bokosi ndi la chaka cha 1945 chisanafike kapena la 1945 kupita mtsogolo, pomwe nkhondo yachiwiri inkatha. Chilembo Z chotsatira nambala, monga VIIZ, chimasonyeza kuti munali wonga wa nitrocellulose m'malo mwa cordite. Liwu loti BALL lisakusokonezeni, limangotanthauza chipolopolo wamba. Mtanda wokhala m'kati mwa bwalo ndi chizindikiro cha NATO, ndipo chipolopolo chawo cha 7.62 anachivomereza mu 1954, choncho bokosi lotero silingakhale la nkhondo ya Hitler ngakhale wogulitsa alumbire. M'kati mwa mabokosi a .303 zipolopolo zinkakhala m'timapaketi ta pepala ta khumikhumi tomanga ndi ulusi, m'makatoni a 32 kapena 48, kapena m'malamba ansalu a 50. Kapepala kalikonse kotsala m'bokosi musakataye.

Achitsulo a ku America, omwe ndi amene amakanika amawakonda, ali ndi labala m'chivundikiro ndipo salowa madzi. Lalikulupo ndi M2A1, la zipolopolo 100 za .50, laling'ono lopyapyala ndi M19A1.

Timakatoni ta alenje timawerengedwa ndi dzina la kampani. Eley ndi Kynoch anali makampani awiri osiyana, analowa m'gulu limodzi itangotha nkhondo yoyamba, ndipo mu 1926 anakhala pansi pa kampani yaikulu ya ku Britain ya ICI (Imperial Chemical Industries). Ndiye kakatoni kolembedwa Eley-Kynoch kokhala ndi chizindikiro cha ICI sikangakhale ka chaka cha 1926 chisanafike, ndipo kolembedwa IMI (Imperial Metal Industries, nthambi ya zitsulo ya ICI) ndi ka 1962 kupita mtsogolo. Pa ta ku America, ta Winchester kapena Remington, chenjezo loti ana asatifikire linayamba mu 1962, nambala ya positi (ZIP) pa adiresi mu 1963, ndipo timizere ta pa tilu tija (barcode) tinabwera m'ma 1970. Kolembedwa West Germany ndi ka pakati pa 1949 ndi 1990. Kakatoni ka zidutswa ziwiri, kovundukula chivundikiro chonse, kawirikawiri ndi kakale kuposa kotsegula kumapeto.

Chachisanu: kutsuka

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Yambani mwalijambula mbali zonse musanalikhudze. Chotsani fumbi ndi burashi yofewa youma. Pachitsulo, pukutani ndi kansalu konyowa pang'ono ndi kasopo, mutayesa kaye pakona yosaonekera, kenako umitsani bwinobwino. Petulo, thina ndi sandipepa zisayandikire. Penti ya zilembo ndi yopyapyala kwambiri, imachoka msanga kuposa girisi yemwe mukulimbana naye. Dzimbiri la pamwamba lidonthezereni mafuta a makina osokera, lisiyeni usiku wonse, m'mawa mupukute. Pomaliza pakani pang'ono polishi wa nsapato wopanda mtundu. Bokosi lisanyezimire ngati latsopano. Zipsera zake ndi zake.

Lamatabwa musalinyowetse. Mukaona timabowo tikutulutsa kaufa, ndiye kuti likufumbwa. Likulungeni m'pulasitiki, mumange zolimba, muliike m'firiza sabata ziwiri, ndipo mukalitulutsa musalimasule mpaka litasiya kuzizira. Zogwirira zachingwe zikhale zomwezo ngakhale zitatha, koma musamanyamulire pamenepo.

Katoni ndiye osaithira dontho lamadzi n'limodzi lomwe. Selotepi imasiya banga lachikasu losachoka, ndipo kumata ndi pulasitiki yotentha, monga timachitira ndi masatifiketi, n'kuipheratu. Pong'ambika pasiyeni. Ikani m'kati pepala loyera lofinyafinya kuti isaphwafuke.

Ndikupemphaninso, musasungemo ufa, shuga kapena mbewu zodya, ndipo matabwa ake musasonkhezere moto. Penti zakale zambiri zinali ndi mtovu, ndipo matabwa ena ankawanyika m'mankhwala oopsa oletsa kuola. Mukamaliza kugwira, sambani m'manja.

Chachisanu ndi chimodzi: kulimbana ndi chinyezi cha Mzuzu

Mukudziwa nokha momwe nsapato zimamerera nkhungu kuseri kwa chitseko mu March, ndi momwe mvula yamawawa imatikakamirira mpaka June ndi July. Mdani wamkulu wa mabokosiwa ndi ameneyo, kenako chiswe ndi mphemvu, zomwe zimakonda guluu wa malebulo. Musaike bokosi pasimenti kapena kuligunditsa kukhoma lakunja. Likhale pashelefu, m'chipinda chopita mphepo, kutali ndi khitchini. Timakatoni tiikeni m'chidebe cha pulasitiki chotseka, pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi tomwe timabwera m'nsapato zatsopano ndi m'mabotolo a mankhwala. Timeneti timakhuta, choncho muzitiyanika padzuwa lamphamvu kapena kutisintha. Dzuwa lomwelo lisaombe makatoni, chifukwa mitundu yake imasuluka, makamaka yofiira. Bokosi lalabala musalitseke tsiku lamvula, mungatsekere chinyezi m'kati.

Chomaliza: kope

Gulani kope lachikuto cholimba. Bokosi lililonse lipatseni nambala, yolembedwa ndi pensulo pakapepala komangirira ndi ulusi, osati pabokosi penipeni. M'kopemo lembani tsiku lomwe munalipeza, mudzi kapena msika, amene anakupatsani, zilembo zonse momwe zilili, ndi mawu omwe munauzidwa, ngakhale mukuwakayikira. Tsamba loyamba la kope langa ndi la bokosi la buluu lija, ndipo pamalo a zilembo palibe chomwe ndinalemba.

Zikakuvutani kuzindikira, tengani zithunzi mupite nazo ku Mzuzu Museum, kapena mukafika ku Karonga mukalowe m'nyumba yosungira zakale ya kumeneko, komwe nkhani ya nkhondo ya 1914 ili pakhomo. Wina wakunja akakupezani pa Facebook n'kufuna kugula, dziwani kuti lamulo la Monuments and Relics Act limafuna chilolezo zinthu zakale zisanatuluke m'dziko muno, ndiye yambani mwafunsa akuluakulu oona zakale musanalonjeze kutumiza kanthu.