Kusankha filimu ya banja madzulo a Disembala ku Britain

Abale amene mukulowa m'nyengo yozizira yoyamba ku Britain, dziwani kuti mu Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane ku London, ndipo ana amatopa nako kubindikira m'nyumba. Filimu ya Khirisimasi imathandiza, koma muzisankhiratu masana, chifukwa onse akasonkhana nthawi imathera polimbirana rimoti.

Yang'anani kaye chizindikiro cha msinkhu. U ndi ya aliyense, PG imafuna kholo likhale pafupi, ndipo ya 12 musaikire ana aang'ono ngakhale pachithunzi pakuoneka mtengo wa Khirisimasi.

Ngati agogo abwera kudzacheza ndipo Chingerezi chothamanga chimawavuta, aikireni The Snowman ya 1982. Ndi katuni yosakwana theka la ola, anthu ake salankhula, nkhani yonse ili m'zithunzi ndi nyimbo. Agogo ndi mdzukulu amatsatira limodzi popanda womasulira, n'chifukwa chake ine ndimaikonda kuposa zambiri zazitali. Kumapeto kuli kachisoni, choncho wamng'onoyo mumukhazike pamiyendo.

Kazinganiko mtedza, tiyi wamkaka akhale m'fulasiki, mabulangete atuluke filimu isanayambe. Mukafuna kuonera zina pa BBC iPlayer, malo a pa intaneti oonerapo mapulogalamu a BBC, pamafunika TV Licence, chiphaso cholipira choonerera TV.